Funsani Azakhali: Kodi pakati ndi mlandu wochotsera munthu ntchito?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndimakhala ku Mabvuku, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Ndagwira ntchito ya m'nyumba kubanja lina la ku Borrowdale kwa miyezi 7, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi 6. Sabata yatha ndikukolopa pabalaza, adona anandiyang'anitsitsa pamimba, kenako anandiuza kuti mwezi uno ukatha ndikapume kwathu, iwo apeza mtsikana wina. Akuti tchuthi cha uchembere sichindikhudza poti sindinakwanitse chaka. Ndikuopa kukadandaula chifukwa bambo anga anachokera ku Dedza, ndipo ngakhale ndinabadwira konkuno, chitupa changa chikadali ndi chilembo cha A, chosonyeza kuti ndine mlendo m'dziko lino. Kodi ndingotola katundu wanga?

Wodandaula, Mabvuku

Mayi,

Katundu wanu musatole, ndipo musasaine pepala lililonse lonena kuti mwasiya ntchito mwa kufuna kwanu. Ndayambira pamenepa chifukwa zimandipweteka mtima kuona amayi athu a ku Tafara, ku Mufakose ndi ku Epworth akuchoka mwakachetechete chikwama chili m'manja, poganiza kuti kuyankha abwana n'kupanda mwambo, kenako mwezi ukatha mwini nyumba akafuna lendi iwo n'kusowa pogwira.

Zimene akunena adona anuwo ndi lamulo lakale. Gawo 18 la lamulo la zantchito la dziko lino, Labour Act, limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masiku 98 akulandira malipiro ake onse. Kale mayi ankayenera kuyamba wagwira chaka chathunthu, ndipo tchuthicho ankachilandira katatu kokha kwa bwana mmodzi, koma mu 2023 Nyumba ya Malamulo inachotsa zopinga ziwiri zonsezi. Gawo 5 la lamulo lomwelo limaletsa kusala wantchito chifukwa cha pakati. Musalole kuti wina akuuzeni kuti zimenezi ndi za amayi a m'maofesi okha, pakuti kuchapa, kusita ndi kulera ana a eni ake ndi ntchito yolembedwa, si chithandizo cha pachibale ayi.

Mukapita ku sikelo, mupemphe namwino kapena dokotala kuti akulembereni kalata yosonyeza tsiku limene mukuyembekezeka kuchira. Lamulo limati tchuthi chiyambe patatsala masiku osapitirira 45 komanso osachepera 21 kuti tsikulo lifike. Mulembe kalata yanu yopempha tchuthi, muijambule pafoni pamodzi ndi ya kuchipatala ija, ndipo mukazipereke kwa adona mwaulemu panthawi imene akhala pansi, osati m'mawa akuthamangira kuntchito. N'kutheka kuti sakudziwa zoti lamulo linasintha, ndipo alipo mabwana amene amabweza mawu awo akaona zolembedwa. Ngati simunalemberane pangano, monga zimakhalira m'nyumba zambiri, musafufute mauthenga a EcoCash osonyeza malipiro anu kapena a pa WhatsApp amene amakutumirani, chifukwa amenewo ndiwo mboni zanu.

Akakana, mupite ku ofesi ya Unduna wa Zantchito mumzinda muno mukaonane ndi mkulu woona madandaulo a antchito, amene amaitana mbali zonse ziwiri kuti zimvane, ndipo zikalephereka nkhaniyo imatha kufika mpaka ku khoti la zantchito, Labour Court. Dandaulo limayenera kuperekedwa zaka ziwiri zisanathe, koma inu musadikire kuti mwana abadwe. Bungwe la antchito a m'nyumba, Zimbabwe Domestic and Allied Workers Union, lingakuthandizeninso kuyendetsa nkhaniyi. Mukadzabwerera kuntchito, muli ndi ufulu wa ola limodzi patsiku loyamwitsira mwana kwa miyezi 6, ndipo poti ku Mabvuku n'kutali, mungagwirizane nawo zoweruka msanga.

Tsopano za chitupa, zimene ndikuona kuti ndizo zakumangani manja. Mantha amenewa tinawalandira kwa makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, n'kumakhala ngati alendo mpaka kukalamba. Koma malamulo aakulu a dziko a mu 2013, amenenso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, akunena m'gawo 65 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Gawo 43 likunenanso kuti munthu wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene kholo lake ndi la dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, ndipo ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Inu ndinu mwini dziko. Mukapeza mpata, mutenge kalata yanu ya kubadwa ndi zitupa za makolo mupite ku ofesi ya zitupa ya ku Makombe Building akakusinthireni chitupacho, koma dandaulo lanu lisadikire zimenezo.

Mundilemberenso mukapereka makalata aja, ndimve mmene adona ayankhira.

Azakhali