Chonde musazitsuke ndalama za bambo anu

M'bale wina wa ku Matero wandilembera imelo. Bambo ake anamusiyira chitini cha ndalama zakale zachitsulo, ndiye akufuna kuphunzira kudziwa giredi yake, ndiye kuti muyeso wa mmene ndalama yasungikira, asanagulitse, komanso akufunsa ngati ayambe wazitsuka kuti ziwale. Funso lomalizali landibaya mumtima, achimwene.

Agogo anga ku Katete nawonso anali ndi kachitini kotere. Munali makobidi oboola pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja a njovu ziwiri, munali matiki, ndiponso ndalama imodzi yaikulu ya masheleni asanu ya 1965, ya nkhope ya Kaunda, yokumbukira chaka choyamba cha ufulu. Imeneyo agogo ankaikulunga payokha m'kansalu, ndipo inali isanayendepo m'manja mwa anthu. Atamwalira, azakhali anakhala pakhonde ndi phulusa ndi mandimu, n'kukwecha imodziimodzi mpaka zonse kuti mbee. Anachita ndi mtima wabwino, ankafuna kulemekeza malemu. Nditabwera nazo kuno ku Lusaka, mkulu wina wodziwa ndalama anaika yaikulu ija pansi pa galasi n'kundiuza kuti ndione ndekha. Patsaya la Kaunda panali timizere tambirimbiri topita mbali imodzi, tosaoneka ndi maso okha. Anangoibweza m'manja mwanga, mtengo osatchula n'komwe.

Ndalama yatsopano imatuluka ndi kuwala kwakekwake. Mukaipendeka pang'onopang'ono pa nyale, kuwalako kumazungulira ngati masipoko a njinga. Mukakwecha, kumapita ndipo sikubwereranso. Kuda kumene kumabwera ndi zaka si litsiro, osonkhanitsa ndalama amakufuna. N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona ogulitsa ziboliboli ena atayala makobidi opukutidwa ndi polishi kuti akope alendo. Kumeneko n'kuwononga, ndipo sindibweza mawu.

Chinanso chimandiwawa. Kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968, koma ana a lero sanaionepo 2 ngwee ya chiwombankhanga kapena 20 ngwee ya mphoyo. Iwo amadziwa zimene zinabwera kuyambira mu 2013, pamene anachotsa maziro atatu pa kwacha. Zakale zija zambiri zinatayika m'madirowa ndi m'mabwalo. Komabe musayembekezere kulemera nazo, achimwene. Zinapangidwa zochuluka, ndipo ukale pawokha sukweza mtengo. Chimakweza ndi kusowa kwa ndalamayo ndi mmene yasungikira.

Tsono giredi

Muyeso wofala ndi wa mu 1949, wa katswiri wa ndalama zachitsulo William Sheldon, woyambira pa 1 kufika pa 70. Cha kumunsi kuli Good, yofufutika koma yowerengeka, kenako Fine, Very Fine, Extremely Fine, ndipo kuyambira 60 ndi Mint State, ya ndalama yomwe sinagwirepo ntchito. Makampani a ku America monga PCGS ndi NGC amayeza n'kutsekera ndalama m'kabokosi, koma pa ndalama wamba zolipira zake zimaposa mtengo wa ndalamayo.

Inu gulani kagalasi kokuza zinthu maulendo 5 kapena 10. Gwirani ndalama m'mphepete mokha, pamwamba pa nsalu yofewa, pansi pa nyale imodzi. Yambani kuona malo otukuka chifukwa ndi amene amayamba kutha: tsitsi ndi tsaya la nkhope, nthenga za mbalame, zilembo. Sanjani ndalama za mtundu umodzi kuyambira yotha kwambiri mpaka yabwino, diso limaphunzira poyerekeza. Mukakayika pakati pa magiredi awiri, tengani yotsika. Musazisunge m'mapulasitiki ofewa a PVC, amazipaka zobiriwira, bola timaenvulopu ta pepala, iliyonse payokha. Mukatero nditumizireni zithunzi za mbali zonse ziwiri, tiziyang'ane limodzi.