Kujambula nkhope za anthu ku Tibet: yankho kwa mchemwali wathu wa ku Chengdu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu amene akuphunzira ku Chengdu, mzinda wa ku China. Akuti patchuthi akupita ku Tibet ndi anzake, ndipo akufuna zithunzi za anthu, mapiri ali kumbuyo. Akufunsa kuti atenge lenzi yanji, nanga atani kuti nkhope zisamade.

Achemwali, ya lenziyi ndi yaifupi. Ya 50mm kapena 85mm ikukwanirani pa nkhope, ya 35mm ngati mukufuna munthu ndi phiri lake limodzi. Mabatire apadera muziwasunga m'thumba lam'kati mwa jekete, chifukwa kuzizira kumawamaliza msanga.

Chondidetsa nkhawa ine ndi liwiro lanu. Lhasa, likulu la Tibet, ili pa mamita pafupifupi 3,650. Sapitwa, nsonga ya Mulanje timaiopa ija, ndi mamita 3,002 okha, pomwe nyanja ya Namtso yapitirira 4,700. Mpweya ndi wochepa, masitepe a nyumba yachifumu ya Potala amakupumitsa wefuwefu. Masiku awiri oyamba pumani, imwani madzi, kamera igone. Mutu ukamawawa osaleka, uzani wokutsogolerani. Mudzakhala naye ndithu, poti mlendo salowa ku Tibet popanda chilolezo chapadera chodzera ku kampani yoyendetsa alendo.

Tsono za nkhope kuda. Dzuwa lamasana kumeneko ndi laukali, limalowetsa maso m'mithunzi, ndipo kamera ikaona chipale kapena thambo lowala imachepetsa kuwala yokha. Khungu lathu lakudali ndiye limazimiririka, n'kutsala mano basi. Pojambula anzanuwo yezerani kuwala pankhope, osati paphiri, kapena muonjezere kuwala pa kamera ndi +1. Ndi bwino phiri liyere pang'ono kusiyana n'kuti munthu atayike. Masana muimikeni pamthunzi wa khomo ayang'ane kunja, wina agwire nsalu yoyera chapachifuwa kuti ibwezere kuwala kuchibwano. Kumbukiraninso kuti China yonse imayendera nthawi ya Beijing, choncho ku Lhasa kumacha mochedwa, kumadanso mochedwa.

M'mawa pitani ku Barkhor, msewu wozungulira kachisi wa Jokhang. Utsi wa zofukiza umakwera, dzuwa n'kumaupyoza chammbali. Agogo akazi amayenda akuzunguza timagudumu ta mapemphero m'manja, milomo ikung'ung'udza. Ena amagona chafufumimba pamiyala, timatabwa tili m'zikhatho, n'kudzuka, n'kugonanso. Apa ndi pamene mtima udzakuuzani kuti jambulani msanga. Chonde dikirani. Amene wagona pansiyo akupemphera, ndipo ena mwa iwo ayenda mtunda wautali kuti afike pamenepo. Musaime kutsogolo kwawo. Yendani mbali imene onse akulowera, mmene imazungulirira mivi ya wotchi, mpaka nkhope yanu isiye kukhala yachilendo. Wina akakumwetulirani, nenani "tashi delek", moni wa kumeneko, lozani kamera, mudikire yankho. Akapukusa mutu, tsitsani. Akavomera, musakhutire ndi chimodzi: choyamba munthu amauma thupi, koma mukamuonetsa pasikirini n'kuseka, chachitatu ndiye nkhope yake yeniyeni. Ife amene tinaonapo alendo akuloza makamera pa ana athu kumudzi osapempha, tikudziwa mmene zimapwetekera.

Apolisi, asilikali ndi malo awo musajambule, ndipo chithunzi cha Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet amene anathawira kunja, n'choletsedwa, musakhale nacho ngakhale mufoni. Anthu musamawafunse zandale. Inu mudzachoka, mavuto n'kutsalira iwo. M'kati mwa akachisi funsani kaye, kwina amakaniza, kwina amalipiritsa.

Mukafika pokwera poyang'ana nyanja ya Yamdrok mudzapeza ng'ombe zaubweya za yak zovekedwa zokongoletsa, ndi agalu akuluakulu aubweya ngati mikango. Eni ake amadyera pomwepo, ndiye gwirizanani mtengo musanajambule. Mphepo pamenepo siima, choncho ikani liwiro la kamera pa 1/500 ya sekondi kuti tsitsi ndi timbendera ta mapemphero ta mitundu isanu tioneke bwino. Mukabwerako munditumizireko ziwiri zitatu, ndione mmene khungu lathu latulukira pa madzi obiriwirawo.