Bambo anga anafika kunyanja koma madzi sanawakhudze

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo kufunsa komwe angapite naye mwana wake wa zaka 9, woyendera njinga ya aulumali, kuti akapitidweko mphepo Lamlungu. Mayi, kalata yanu ndagona nayo sabata yonse, chifukwa yandikumbutsa bambo anga.

Bambo anadwala sitiroko, mbali yonse yakumanzere inafa. Munthu amene ankalawirira kumunda tambala woyamba akangolira anasanduka wongokhala pakhonde. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anati, "Mwanawe, ndikufuna ndikaoneko nyanja." Anakulira ku Salima, ndipo ali mnyamata ankathandiza asodzi kukoka khoka. Tinasonkherana ndalama ndi achemwali anga, tinabwereka galimoto, ulendo.

Pageti tinalipira, mlonda anatilonjera mwaulemu. Mavuto anayambira pomwe simenti inathera. Panali masitepe otsikira kumchenga, opanda pogwira. Tinawanyamula ndi njinga yomwe, ine kutsogolo, alamu anga kumbuyo. Titafika pansi, timatayala takutsogolo tinangotitimira mumchenga, kukankha osatheka. Madzi anali pomwepo, mafunde tikuwamva. Anyamata ena achifundo anathamanga kuti awanyamule m'manja. Bambo anayang'ana anthu onse amene anasiya kusambira n'kumationerera, kenako ananena motsitsa mawu, "Ndisiyeni pompano."

Pobwerera m'pamene ndinaona botolo lawo la madzi lili chidzadzire. Sanamwe chichokereni kunyumba, ndi kutentha kwa Okutobala ku Salima kuja. Anali atawerengera kale kuti njinga siilowa pachitseko cha chimbudzi, ndipo sankafuna kuti mwana wawo awanyamulire m'menemo anthu akuona. Chitsekocho ndinali nditachiona, chinalidi chopapatiza. Koma kuti munthu angadzimane madzi tsiku lonse chifukwa cha chitseko, sindinaganizeko.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva eni malo akunena kuti kwawo n'kwa aliyense poti anaika kanjira kotsetsereka pakhomo. Tina mwa tinjirato n'totsetsereka moti wokankha akaterereka ndiye ngozi. Muyezo wodziwika ndi wakuti pokwera mita imodzi, njira italike mamita 12. Ndipo ngakhale kanjirako katakhala kabwino, munthu akalowa akakhala pati, akakodza kuti, adutsa bwanji ngalande yosavundikira? Ine ndimati malo opanda chimbudzi cholowa njinga ndi otseka kwa munthu waulumali, ngakhale geti litakhala chitsegulire usana ndi usiku.

Tisamayese kuti ndi anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu aulumali oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo, komanso achialubino oposa 134,000. Kwa mwana wachialubino, bwalo lopanda mtengo wamthunzi ndi malo oopsa, dzuwa limamuotcha khungu mpaka zilonda. Agogo amafuna benchi yotsamira pafupipafupi. Wosaona amafuna njira yokhala ndi malire omveka ndi ndodo. Malamulo tili nawo: dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 30 imanena za masewera ndi zosangalatsa. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, pano pali la 2024. Chosowa n'kuwaitana eni akewo mmisiri asanasakanize simenti. Woyendera njinga atazungulira malowo kwa ola limodzi angaloze zolakwika zimene injiniya woyenda ndi miyendo iwiri sangazione.

Nanga za ndalama? Malo ambiri abwino m'mbali mwa nyanja anatchingidwa ndi mipanda, mwana wobadwira pomwepo amafunika kulipira kuti aponde mchenga wakwawo. M'matauni, mabwalo amene tinkaseweretsapo mpira wachikulunga akusanduka mapuloti. Banja losamalira munthu waulumali limakhala litatha kale ndalama ndi mankhwala ndi mayendedwe, poti minibasi zambiri sizifuna kuima zikaona njinga. Paki ya khonsolo, yaulere, yapafupi ndi kunyumba, ndiyo imene banja lotere lingafikeko kawirikawiri, ndipo ndiyo timaisiya imere tchire.

Tsono mupite naye kuti?

Pepani Mayi, ndatalikitsa. Poti muli ku Lilongwe, yesani Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, komwe kuli mitengo yambiri yamthunzi. Koma kulikonse kumene mungasankhe, yambani mwaimba foni, ndipo musafunse kuti "njinga imalowa?" chifukwa aliyense amangoti eya. Funsani ngati pali masitepe, galimoto imafika pati, ndiponso kukula kwa chitseko cha chimbudzi, inu mutayeza kale njingayo ndi tepi. Pitani m'mawa, nyengo yopanda mvula nthaka ili youma. Zimene mwapeza kalembereni khansala wanu ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi muno.

Mukadzapita kunyanja, pamchenga njinga muziikoka chambuyo mutaipendeketsa pa matayala aakulu, ndipo tengani mphasa ziwiri zoyala pansi mosinthanasinthana mpaka mufike pamchenga wonyowa, womwe ndi wolimba. Izi ndinazidziwa bambo atamwalira kale. Ndipo panjira muziona botolo la mwanayo ngati akumwadi madzi.