Za buku lako lija, msuweni

Halo... ikujambula? Eya. Iwe msuweni, uthenga wako ndauona pa gulu, koma manja anga ali ndi sopo, ndiye ndingolankhula.

Ati ukuwerenga buku. Ati muli mtsikana amene ali ndi chibwenzi cha nthawi yaitali, mwamuna wa ntchito yabwino, makolo anamudziwa kale, ndiye mwadzidzidzi wakumana ndi wina wopanda kanthu amene akumusowetsa tulo. Ndiye ukutifunsa kuti tikanakhala ife tikanasankha uti. Hmm. Iwe! Unayamba liti kufunsa banja lonse za mabuku ako, iwe amene sulola munthu kukhudza ngakhale chikuto? Kodi wa m'bukuyo nayenso akumanga nyumba ku Chalala? Chabwino, chabwino, ndasiya. Tizinena kuti ndi buku.

Mabuku amenewa ndimawakonda, koma wolemba amakhala atasankha kale. Wa ntchito yabwino uja amamupanga wozizira, maso pa foni nthawi yachakudya, kuti ukamamusiya usamve chisoni. Winayo amamupatsa mawu onse okoma, ndipo buku limatha lendi isanafunike. Ndiye usadalire tsamba lomaliza kuti likuuze kanthu.

Ndikufuna ndikuuze za amalume a ku Libala. Azakhali, ngati mukumvera, pepani, nkhani yanu ndiikhudza pang'ono, sindifika kuja.

Iwe unali usanabadwe. Amalume pokwatira, nthawi ya a Kaunda, anali pa ntchito m'kampani ya boma. Masiku amenewo anthu ankafola mizere kufuna ufa, shuga, sopo, koma munthu wa kampani ya boma anali ndi kopumira. Basi ya kuntchito inkawatenga m'mawa, atavala safari suti yosita bwino, cholembera chofiira ndi chabuluu m'thumba la pachifuwa. Agogo ku Katete ankauza aliyense pachitsime kuti mpongozi wawo... ayi, dikira, anali agogo a mbali ya azakhali amene ankanena, ati mwana wathu sadzagona ndi njala mpaka imfa. Ndipo panali uja wa gitala uja, woimba kalindula, amene ankafunanso azakhali. Akuluakulu a pa gulu pano mukudziwa, ana musandifunse.

Ndiye kwabwera a Chiluba 1991, makampani a boma ayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa. Zambia Airways inatseka mu 1994, kumapeto kwa chaka, anthu sankakhulupirira kuti ndege za dziko zingaime. Ya amalume nayo inagwa m'nyengo yomweyo. Ndalama zawo zopumira ntchito, mukudziwa mmene zinayendera, sindibwereza.

Ine ndinali kukhala kwawo nthawi imeneyo chifukwa cha sukulu, ndiye ndinaona ndi maso anga. Poyamba amalume ankadzukabe m'mawa, kusita malaya, kukhala pakhonde ndi nyuzipepala yadzulo. Azakhali osalankhula kanthu, anangoyamba kupita ku msika wa Soweto mu Lusaka kukaoda tomato, kudakali mdima, nthawi imene malole a alimi amafika. Tsiku lina ndikumva chitseko, ndasuzumira, ndi amalume, avala jombo, akukankha wilibala yobwereka kwa aneba. Munthu amene anali ndi mesenjala wake ku ofesi! Ankanyamula mabokosi m'matope a ku Soweto aja nthawi ya dzinja, ndipo akakumana ndi anzawo akale a kuntchito, ankayamba iwo kupereka moni, mokweza, osabisa nkhope.

Chimene sindiiwala ndi madzulo. Azakhali ankakhuthula ndalama za m'chitenje patebulo, zokwinyika, zonunkha tomato. Amalume ankaziwongola imodziimodzi ndi chikhatho, kuzimanga ndi labala, kenako kulemba m'buku lalikulu limene anabwera nalo kuchokera ku ofesi. Zolowa ndi cholembera chabuluu, zotuluka ndi chofiira. Tomato woola ankamulemba "antchito opuma msanga", azakhali kuseka mpaka kugwetsa misozi, mbaula ili pakati, ndiwo ndi chibwabwa chopanda mafuta. Pamene boma linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, ndalama za tomato zomwezo n'zimene zinagula nyumba ija timachitiramo misonkhano ya banja.

Aa, ndapita kutali. Ndimati chiyani? Eya.

Usiku wa kitchen party yanga, alangizi atamaliza zawo, azakhali anandikokera kukhitchini. Ndinawafunsa ngati anadandaulapo za wa gitala uja ntchito ya amalume itatha. Anandiuza kuti asanavomere ankhoswe, anakhala pansi okha n'kudzifunsa zinthu ziwiri. Akanakhala kuti wa gitala sanabwere n'komwe, kodi akanalowa m'nyumba ya amalume ndi mtima wosangalala? Nanga amalume atavula safari suti ija, atatsala munthu chabe, akanawafunabe? Zonse ziwiri mtima unavomera, ndiye wa gitala anamubweza okha, popanda wowakakamiza.

Ndiye mtsikana wa m'buku lakoyo... mvera bwino apa... asiye kaye kuyerekeza amuna awiriwo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Achotse watsopanoyo m'mutu, achotsenso payslip, penshoni ya NAPSA ndi pulani ya nyumba. Amene watsala ataimirira pamenepo, akumufuna? Ngati akumufuna, winayo ndi mphepo, ipita. Ngati sakumufuna, ndiye kuti vuto linalipo kale, mnyamata watsopanoyu wangoliunikira, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti iyeyo ndiye woyenera. Mwina ndi iye, mwina ayi. Zimenezo n'za mtsogolo.

Ndipo usandimve molakwa, sindikunyoza ndalama. Chaka cha 2024 tonse tinaona, madzi atachepa ku Kariba, magetsi kuzima pafupifupi tsiku lonse, amene anali ndi sola ndi jenereta ankagona mosiyana ndi ife. Kufuna pokhala pabwino si tchimo, mwana wa amayi. Koma ntchito imatha, ndinaiona ikutha m'nyumba imene ndinkagona. Ndiye ndikubwereza: adzifunse za munthuyo ali chimanjamanja, winayo kulibe. Basi.

Ngati yankho lili ayi, alankhule msanga, ndi pakamwa pake, kwa mwamunayo poyamba, osati kwa anzake a ku saluni. Ankhoswe asanabwererenso, azakhali asanagule nkhuku ndi mapoto a chilanga mulilo, mwambo uja wopititsa zakudya kwa mwamuna, anthu a ku Chipata asanalipire basi. Mwamuna uja... wa m'buku uja... ndi munthu wabwino, sanalakwire aliyense, ayenera kumva zoona adakali ndi nthawi yodzikonza.

Wandimva eti? Kopanda winayo, kopanda malipiro, ukumufuna kapena ayi. Usayankhe pano pa gulu, ndikuona kale anthu atatu akulemba. Inu a ku Kabwata, ikani foni pansi, palibe amene wakufunsani.

Chiwelu ndili pakhomo tsiku lonse. Ukakwera minibasi pa Kulima Tower undiimbire, nditumize mwana akakuchingamire pa siteji. Ubwere wekha.