Khansa yachiwiri ya bambo: ndi yatsopano kapena ndi mphukira ya yakale?

Achemwali ena a ku Chinamwali andilembera kuti bambo awo akhala zaka 6 ndi CLL, khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono. Tsopano mwanabele wa pakhosi wakula m'masabata atatu okha, ndipo adokotala akuganizira za lymphoma, khansa ya m'mianabele. Funso lawo: kodi ndi mankhwala a CLL amene bambo ankalandira adayambitsa?

Achemwali, musadziimbe mlandu kuti munkawaperekeza kukalandira mankhwala. Khansa imayamba ndi selo imodzi yosokonekera, ndipo ana ake onse amatengera chilema chomwecho, monga mphukira za nthochi zimatengera tsinde limene zatulukapo. Pa CLL, mphukira ina ikawonjezera zilema, makamaka pa jini ya TP53 (malangizo a m'selo oletsa khansa), imasanduka lymphoma yolusa. Dokotala Maurice Richter adafotokoza zimenezi mu 1928. Zimagwera odwala CLL 2 mpaka 10 pa 100, ngakhale amene sanalandirepo mankhwala. Mwa ma lymphoma otere, pafupifupi 8 pa 10 ndi a tsinde lomwelo, ndipo amenewo ndiwo amavuta kumva mankhwala. Ochokera ku tsinde lina amamva bwinoko.

Zoona, mankhwala ali ndi mbali yake, koma matenda ake ndi ena. Cyclophosphamide kapena chlorambucil angabweretse khansa ya m'mafuta a m'mafupa patapita zaka 5 mpaka 10. Etoposide ndi doxorubicin nthawi zambiri pasanathe zaka 3. Ngakhale pamenepo, nthawi zina selo yoipayo idalipo kale, mankhwala adangopalira anzake n'kuisiyira munda wonse. Khansa ya m'mafuta a m'mafupayo imadziwika ndi kuchepa kwa magazi ndi kukha magazi m'nkhama, osati mwanabele.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi TB. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, mwanabele: zizindikiro zake n'zofanana ndi za lymphoma. Munthu amayambitsidwa mankhwala a TB a miyezi 6 popanda umboni, pomwe lymphoma imeneyi siyembekezera. Ndikunena mosabisa: munthu wa CLL asapatsidwe mankhwala a TB mongoganizira.

Zoti muchite sabata ino

Pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba mukapemphe kalata yopita ku Queens ku Blantyre. Pemphani kuti adule mwanabele amene wakula kwambiriyo n'kukamuyeza. Kungobaya ndi kasingano kumaphonya. Ayezenso magazi onse, LDH (muyezo umene umakwera lymphoma ikalusa), HIV ndi hepatitis B, chifukwa mankhwala a lymphoma otchedwa rituximab amadzutsa hepatitis B yogona. Tengani mabuku onse a kuchipatala, ngakhale ong'ambika, kuti adokotala aone dzina la mankhwala aliwonse ndi chaka chimene bambo adalandira.