Musachotse nthabwala, koma muone amene akusekedwa

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mukulemba buku la magulu awiri ogulitsa mankhwala ozunguza bongo amene akulimbirana dera limodzi mumzinda. Anthu akuphedwa, koma inu mukufuna kuti owerenga aziseka, ndiye mnzanu amene munamupatsa mitu itatu yoyamba wakuuzani kuti kuseketsa pa imfa n'kunyoza akufa. Mukufunsa ngati ndi bwino kuchotsa nthabwalazo. Ine ndikuti musachotse. Koma bwererani pa tsamba lililonse mukaone kuti amene akusekedwayo ndi ndani, chifukwa mwina pali pena pamene mnzanuyo akunena zoona.

Zoseketsa simuchita kuzibweretsa kuchokera kunja, zili kale m'moyo wa anthu amenewa. Taonani Pablo Escobar wa ku Medellín, ku Colombia. Ndalama za kokeni zitamuchulukira, anaitanitsa mvuu zinayi n'kuziika pa famu yake ya Hacienda Nápoles, kungofuna kuti anthu aziti bwana ali ndi mvuu. Iye anawomberedwa padenga la nyumba mu 1993, koma mvuu zija zinatsala, zinaswana, ndipo lero zaposa 100 m'dera la mtsinje wa Magdalena, boma likuvutika nazo mpaka pano. Yemweyo mu 1991 anavomera kulowa m'ndende pokhapokha ikhale yomangidwa mmene iye akufunira, yokhala ndi bwalo la mpira, ndipo chaka chotsatira anathawamo. Munthu ukamva zimenezi umaseka ndithu. Koma mu 1991 momwemo anthu oposa 6,000 anaphedwa mumzinda wa Medellín, ndipo mu 1989 gulu lake linaphulitsa ndege ya Avianca, anthu 107 amene anali m'ndegemo n'kufa onse. Mvuu zija ndi mitembo ija ndi nkhani imodzi, ya munthu mmodzi. Buku lanu likufunika kunyamula zonse ziwiri osagwetsa china.

Chimene chimaseketsa kwenikweni ndi kusiyana kwa mmene chigawenga chimadzionera ndi mmene chilili. Iye amadziona ngati mfumu yochenjera kuposa wina aliyense, pomwe chomugwetsa nthawi zambiri chimakhala kanthu kochepetsetsa. Al Capone wa ku Chicago anali mkulu wa gulu logulitsa mowa pa nthawi imene unali woletsedwa ku America, kuyambira 1920 mpaka 1933. Mu 1929 amuna 7 a mbali ya gulu lopikisana naye anaimikidwa kukhoma m'galaja n'kuwomberedwa ndi anthu amene ena mwa iwo anavala yunifolomu ya apolisi, ndipo palibe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa zimenezo. Capone anagwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, anamugamula zaka 11. Mu 2021, wogulitsa mankhwala wina wa ku Liverpool anagamulidwa zaka zoposa 13 atatumiza chithunzi cha tchizi chimene anachinyamula m'manja. Anachitumiza pa EncroChat, njira ya mauthenga achinsinsi imene apolisi anali atailowerera kale, ndipo anamuzindikira ndi zidindo za zala zake pa chithunzipo. Chaka chomwecho zinadziwika kuti mafoni a ANOM, amene zigawenga zinkagula ndi ndalama zambiri pokhulupirira kuti palibe angawerenge mauthenga awo, ankayendetsedwa ndi FBI, bungwe la apolisi ofufuza milandu la ku America. Anthu oposa 800 anamangidwa. Apa munthu umaseka ndi mtima woyera, chifukwa amene wagwa ndi wodzikuza, ndipo wagwa ndi dzanja lake lomwe.

Ndiye pali anyamata apansi, amene kwa ine ndiwo mtima wa buku lotere. Akatswiri awiri a kafukufuku, Steven Levitt ndi Sudhir Venkatesh, anaunika mabuku a ndalama a gulu lina logulitsa mankhwala ku America, zotsatira zake n'kuzitulutsa mu 2000. Anapeza kuti anyamata oima pamsewu aja ankalandira ndalama zosasiyana kwenikweni ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo, ambiri ankakhalabe kwa makolo awo, ndipo mfuti zikalira iwo ndi amene ankayamba kufa. Ndalama zenizeni zinkapita kwa anthu ochepa apamwamba. Ngati ampangankhani anu onse ali ndi magalimoto onyezimira, mwataya zinthu zambiri zoseketsa komanso zomvetsa chisoni. Mnyamata amene masana amaopedwa ndi msewu wonse, madzulo akukalipiridwa ndi amayi ake kuti sanatsuke mbale, ameneyo owerenga adzamuseka, adzamukonda, ndipo tsiku limene adzafe adzatseka bukulo kaye.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene ine ndingalembere. Anyamata awiri atumidwa kukataya mtembo usiku. Auika m'buti ya galimoto, koma mafuta atsala pang'ono kutha, ndiye akukangana kuti agule ndani. Wina akuti anagula sabata yatha, mnzake akuti sabata yathayo inali ya ntchito ina, bwana sanabweze ndalama, ndipo akufuna ayambe kusunga malisiti. Amene akuyendetsa akuopa apolisi kwambiri moti akuima pa loboti iliyonse ngakhale msewu uli zii, mpaka kuima kwakeko n'kumene kukukayikitsa. Mpaka apa owerenga akuseka, ndipo aziseka, palibe cholakwika. Kenako m'buti muja foni ikuyamba kulira. Akhala chete. Yaleka. Yayambanso. Mmodzi akutsika, akutsegula buti, akupisa m'thumba la womwalirayo, ndipo pa foni pakuoneka dzina lakuti “Amayi”. Yalira kachisanu ndi chimodzi ili m'manja mwake. Pamenepo musaikepo nthabwala ina ayi, ngakhale ikubwerereni yokoma bwanji. Musafotokozenso kuti mnyamatayo wamva chisoni. Ingomusiyani ataima ndi foniyo, akulephera kuizimitsa.

Apa m'pamene ndikuganiza kuti mnzanuyo angakhale kuti wagwira mfundo. Olemba ambiri akaona kuti nthabwala ikuyenda, amafuna ina, kenako ina, mpaka mtembo umasanduka ngati thumba la makala longosuntha uku ndi uku. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Womwalira akakhala wopanda dzina, wopanda womudikira kunyumba, imfa yake imapepuka, ndipo imfa ikapepuka nthabwala nazonso zimasukuluka, chifukwa chimene chimapangitsa munthu kuseka pa nkhani yotere ndi mantha amene ali pansi pake. Ine zimandipweteka kwambiri ndikawerenga buku limene mtsikana wogwidwa ndi mankhwala amangoikidwamo kuti tiziseka mmene akudzandira. Ameneyo alibe mphamvu iliyonse, kumuseka n'kumupondereza kachiwiri. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndiye inu sekani njovuzo, kunyada kwake ndi kupusa kwake, udzuwo muulembe mwaulemu.

Pa magulu awiriwo, samalani kuti asafanane ngati mapasa. Lina likhale la mkulu wachikale amene sakhulupirira foni, amalemba ngongole zonse m'kope ndipo amakwiya anyamata akachedwa pa msonkhano. Linalo likhale la achinyamata amene sangachite kanthu osajambula. Nkhondo yawo isayambe ndi chinthu chachikulu. Iyambe ndi moni amene sanayankhidwe, kapena katundu amene anatumizidwa ku nyumba yolakwika, kenako aliyense azibwezera poopa kuoneka wofooka pamaso pa anyamata ake. Pofika pakati pa buku pasakhale amene akukumbukira chimene chinayambitsa, koma maliro akuchulukirabe.

Chinanso chaching'ono: ampangankhani anu asadziwe kuti akuseketsa. Akayamba kuponyerana mawu anzeru ngati ali pa siteji, zaonongeka. Amene akufuna malisiti a mafuta uja akufunadi malisitiwo, ndipo kwa iye ndi nkhani ya chilungamo.

Mitu itatu ija ibwezereni kwa mnzanuyo, mumupemphe aike chizindikiro paliponse pamene waseka koma n'kumva manyazi pambuyo pake. Malo amenewo mukawaone limodzilimodzi. Ena mudzapeza kuti manyaziwo ndi amene mumafuna kuti owerenga amve, amenewo asiyeni. Ena mudzapeza kuti amene akusekedwa ndi womwalirayo kapena mayi ake, amenewo ndiye mulembenso. Mukamaliza mutu woyamba, ndikufuna ndidzauwerenge.