Muyambitseni ndi Spider-Man, Black Panther adikire kaye

Asisi, mwafunsa ngati mungamugulire mnyamata wanu wa zaka 11 komiki ya Black Panther poti filimu ija anaikonda. Ine ndingati dikirani kaye.

Yomwe imatchuka kwambiri ndi ija analemba Ta-Nehisi Coates mu 2016. Ndinaiwerenga ndipo ndimaikonda, zojambula za Brian Stelfreeze n'zokongola zedi, koma si ya mwana. Nkhani yake ndi ya anthu a ku Wakanda, dziko lopeka la mu Africa, akuukira mfumu yawo T'Challa, yemwe ndi Black Panther mwini wake. Masamba ambiri ndi mikangano ya ufumu ndi ndale, Chingerezi chakenso cholemera, ndipo mulinso nkhanza zochitira amayi. Mwana wa Sitandade 6 adzangoona zithunzi n'kuiponya pakona.

Mupezereni Spider-Man. Stan Lee ndi Steve Ditko anamuyambitsa mu 1962, koma mavuto ake ndi omwe ana athu akuwaona lero. Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man mwini wake, ndi mwana wamasiye, akuleredwa ndi Ben, mkulu wa bambo ake, pamodzi ndi mkazi wake May. Ben akuphedwa ndi mbava yomwe Peter anangoiyang'ana ikuthawa pomwe akanatha kuigwira, ndipo chisoni chimenecho sichimuchoka. Pakhomo ndalama ikuvuta, kusukulu anzake akumuseka, iye n'kumagulitsa zithunzi ku nyuzipepala ya Daily Bugle kwa bwana waukali, J. Jonah Jameson, kuti athandize mayi May. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene akukula ndi azakhali kapena agogo sangafune womufotokozera. Chimandigwira mtima n'choti mphamvu zake zonse za Spider-Man sizimulipirira bilu ngakhale imodzi.

Mwana wanu akafuna ngwazi yakuda ngati iyeyo, alipo Spider-Man wina, Miles Morales wa ku Brooklyn ku America, yemwe anatulukira mu 2011 ali ndi zaka 13.

Pogula samalani. Kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni muno ndi ku Limbe mumapezeka timabuku topyapyala ta nambala imodzi, nkhani n'kudukira pakati, yotsatira osaipezanso. Fufuzani buku lochindikala lolembedwa Volume 1, ndipo tsegulani masamba apakati ndi omaliza muone ngati sanathothoke. Pachikuto yang'anani chizindikiro cha msinkhu. Chikakhala chilembo T (Teen, ya achinyamata) palibe vuto, makamaka mukamawerenga naye limodzi. Yolembedwa Parental Advisory kapena MAX si ya ana, isiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo bwanji.